Mlekeni mnyamatayo akhotetse mawu a hamonika yake

Mkangano umene ndikufuna kuulowerera lero unayambira pa phwando la ukwati wina ku Kawale, ndipo monga zimakhalira masiku ano, sunathere pomwepo koma unasamukira m'mafoni. Perekaniperekani atafika pachimake, mnyamata wina wa kuchimuna anapempha maikolofoni, natulutsa hamonika, kachida koyimbira kouzira pakamwa, m'thumba la jekete, n'kuzifumbata zonse ziwiri m'manja mwake ngati munthu amene wagwira mpheta. Woika nyimbo anasiya kugunda kwa amapiano kukuyenda chapansipansi, ndipo mnyamatayo anayamba kuliza kachida kake pamwamba pa kugundako, mawu ake akukwera, akukhota, pena akulira ngati mwana wosiyidwa, pena akusasa ngati lipenga lakale. Wina anajambula kanema wosakwana mphindi ziwiri, ndipo pofika Lolemba kanemayo anali atazungulira m'magulu a WhatsApp a mipingo, a makwaya ndi a anthu oyimba mu mzinda muno. Achinyamata ambiri anamutcha dolo. Akuluakulu angapo, ena mwa iwo anthu amene ndimawalemekeza kwambiri, anati mwanayo akuzunza chida chofatsa, ndipo mkulu wina wa kwaya analemba kuti hamonika imene iwo anakulira nayo inkatonthoza mtima pamene iyi ikungoboola makutu.

Ine ndaima kumbali ya mnyamatayo, ndipo ndikufuna ndinene zimenezi poyambirira pomwe kuti pasakhale wondikayikira. Maganizo anga ndi akuti kalizidwe katsopano ka hamonika, kokhotetsa mawu, kolowetsa chidacho mu zokuzira mawu ndi kokwatitsa ndi nyimbo zimene achinyamata akuvina lero, sikakuwononga mwambo uliwonse, chifukwa ngakhale kalizidwe kamene tikukatcha kachikale kanali kachilendo pa nthawi yake. Sindikunena kuti aliyense woliza mwatsopano amaliza bwino, ayi, alipo ambiri ongosokosa. Chimene ndikukana ndi chakuti mlandu wa woliza molakwika ugwere njira yonse, mpaka tiyambe kuuza ana athu kuti chida ichi chili ndi malire amene sayenera kuwadumpha.

Kuti anthu asaganize kuti ndikunyoza zakale, ndiyambe ndanena kuti kalizidwe kachikale ndimakadziwa ndipo ndimakakonda. Ku Area 25, kumene ndakhala zaka zambiri, kuli bambo wina wachikulire amene amalondera golosale usiku, ndipo amasunga hamonika yake yokulungidwa m'kampango m'thumba la chikhoti. Ikakwana nthawi imene minibasi zasiya kuyenda ndipo agalu okha ndiwo akumveka, bamboyo amayifunyulula, amayiguguda kawiri pachikhatho kuti malovu atuluke, kenako n'kuyamba nyimbo za m'buku la mapemphero, pang'onopang'ono, mopanda changu chilichonse. Amalowetsa mabowo anayi m'kamwa nthawi imodzi, lilime n'kutseka atatu kuti limodzi lokha linyamule nyimbo, ndiye pakati pa mawu amachotsa lilime lija mwachangu kuti mabowo onse alire pamodzi, moti ukakhala patali umaganiza kuti oliza ndi awiri, wina wotsogolera, wina womupolokozera. Limeneli ndi luso lenileni, ndipo sindinamvepo mnyamata aliyense mu Lilongwe amene angafanane nawo pa njira imeneyi. Choncho pamene akuluakulu akunena kuti pali chinachake chokoma chimene chili pangozi yotayika, ine sindikuwaseka. Ndikungotsutsana nawo pa za amene akuchitayitsa.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi yakuti chida chilichonse chili ndi kalizidwe kamene amene anachipanga anakakonza, ndipo kupatuka pa kalizidwe kameneko ndi kuchilakwira. Mfundoyi imamveka yanzeru, koma mbiri ya hamonika yeniyeniyo ikuitsutsa. Chidachi chinabadwira ku Ulaya m'zaka za m'ma 1820, ndipo chinafala padziko lonse makamaka Matthias Hohner, amene poyamba anali wokonza mawotchi, atayamba kuchipanga ku Trossingen m'dziko la Germany mu 1857. Hamonika yaing'ono yofala kwambiri ili ndi mabowo khumi, ndipo bowo lililonse lili ndi timalilime tiwiri tachitsulo, kena kolira ukamauzira mpweya, kena kolira ukamaukoka. Anaikonza kuti munthu wosaphunzira nyimbo athe kuliza nyimbo za kumudzi za Azungu: mabowo apakati amapereka mawu onse a do re mi fa so la ti do monga momwe makwaya athu amawadziwira, pamene mabowo oyambirira anawasanja kuti azilira pamodzi mogwirizana, ndipo chifukwa cha zimenezo kumunsiko kulibe fa ndi la. Ndiye chidachi chitafika m'manja mwa anthu akuda a kumwera kwa America, iwo anapeza kuti ukamakoka mpweya n'kusintha kakhalidwe ka lilime ndi kummero, mawu amatsika n'kufika pamene wopanga sanaike kanthu. Anayambanso kuyitembenuza nzeru, kutenga so kukhala poyambira nyimbo m'malo mwa do, kuti mabowo okoka mpweya, amene amakhota bwino, ndiwo agwire ntchito yaikulu. Kumeneku kunali kuchilakwira chida poyerayera, komatu n'kumene kunabala kulira kwa hamonika kwa nyimbo za blues kumene dziko lonse limakudziwa lero.

Nkhaniyo sinathere pamenepo. Oliza monga Sonny Terry ankatsanzira sitima ya pamtunda ndi agalu osaka, akukuwa okha pakati pa mawu a chidacho, ndipo imeneyo inakhala njira ya makolo kwa amene anabwera pambuyo pawo. Kenako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 ku Chicago, Little Walter anafumbata hamonika pamodzi ndi maikolofoni yaing'ono, ndendende mmene anachitira mnyamata wa ku Kawale uja, n'kukankhira zokuzira mawu mpaka kulira kwake kunayamba kusasa mwadala, ndipo mu 1952 nyimbo yake yopanda mawu apakamwa inafika pamwamba penipeni pa mndandanda wa nyimbo za anthu akuda zogulidwa kwambiri ku America. Cha m'ma 1970 Howard Levy anakulitsa njira ina youzira mpweya imene imadzutsa kalilime kachiwiri ka m'bowo lomwelo kuti kalire pamwamba pa malo ake, moti pa kachida ka mabowo khumi komweko munthu akhoza kutulutsa mawu onse amene ali pa kiyibodi. Tsono funso langa kwa otsutsa ndi ili: pa mibadwo yonseyi, ndi uti umene tiutche mwini wa kalizidwe koyenera? Tikati ndi wa ku Trossingen, ndiye kuti tataya zonse zimene zinapatsa chidachi dzina. Tikati ndi wa ku Chicago, ndiye kuti tavomereza kale zimene mnyamata uja anachita, chifukwa njira yake ili ndi zaka zoposa 70, yaikulu kuposa ena mwa amene akuidandaula.

Pano ndionjezerepo kanthu kena kamene onse okangana sanakatchule, ngakhale kuti kakanachepetsa phokoso. Mbali ina ya mkanganowu si ya kalizidwe ayi, koma ya zida ziwiri zosiyana zimene tikuzitcha dzina limodzi. Hamonika ya bambo wa ku Area 25 uja, monganso zambiri zimene zinkapezeka m'masitolo kale, ndi yaitali ya mizere iwiri ya mabowo, ndipo liwu lililonse limatuluka pa timalilime tiwiri tosiyana pang'ono chabe, n'chifukwa chake imanjenjemera mokoma chonchija. Mtundu umenewu sulola kukhotetsa mawu mosavuta. Ya mnyamata uja ndi yaifupi ya mzere umodzi, imene imagonjera lilime ndi kummero. Kuuza woliza yachiwiriyi kuti amveke ngati yoyambayo kuli ngati kuuza woyimba banjo kuti amveke ngati bangwe chifukwa zonse zili ndi nsambo.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kuposa yoyamba, ndipo imati achinyamata akutaya kamvekedwe kathu n'kumathamangira za ku America ndi ku South Africa. Nkhawa imeneyi ndimaimvetsa, chifukwa ndi zoona kuti wailesi ndi mafoni zadzaza nyimbo zofanana ngati zochokera m'chikombole chimodzi. Komabe tiyenera kunena chilungamo kuti hamonika nayonso ndi mlendo kuno, ndipo nyimbo za m'buku zimene timati ndizo kalizidwe ka makolo zinabwera ndi amishonale. Kuwonjezera apo, mbiri ya nyimbo za dziko lino ndi mbiri ya kulandira alendo n'kuwaphunzitsa Chichewa. Gitala ndi banjo zinafala kuno ndi anthu obwera ku nkhondo ndi ku migodi ya ku Joni ndi ku Halale, koma palibe amene angaimirire lero n'kunena kuti banjo ya malemu Allan Namoko sinali yachimalawi. Mganda umene timaunyadira kuno m'chigawo chapakati, ndi mayunifomu ake, mizere yake ndi malipenga ake a zikho, unachokera pa kutsanzira perete ya asilikali. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anatenga kwela, nyimbo ya chitoliro ya m'makomboni a ku Johannesburg, n'kuyisandutsa yawoyawo, ndipo katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, amene anakumana nawo ku Blantyre mu 1967, anafotokoza mmene oliza kwela ankalowetsera chitoliro chachitsulo m'kamwa kwambiri ndiponso mopendeketsa kuti atulutse mawu amene chitolirocho sichinapangidwire. Akanakhalapo ma WhatsApp nthawi imeneyo, mwina wina akanalemba kuti ana a Kachamba akuzunza chitoliro. Akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ife takhala tikumeta ndi tilumo ta alendo kuyambira kalekale.

Ndipitirire pa mfundo yomweyi, chifukwa apa ndi pamene ndikuona kuti otsutsa atembenuza zinthu chadodolido. Mvetserani amayi akulira maliro ku Chinsapo kapena kumudzi kulikonse, kapena mtsogoleri wa nyimbo ya chimtali akuyambitsa, ndipo mudzaona kuti liwu lathu silidumpha kuchoka pa mawu ena kufika pa ena ngati munthu wokwera masitepe. Limatsetsereka, limagwera pa mawu kuchokera pamwamba, limachedwa pakati. Chiyankhulo chathu chomwechi chimadalira kukwera ndi kutsika kwa liwu, moti mawu akuti mtengo akhoza kutanthauza chomera kapena ndalama zogulira chinthu malinga ndi mmene wawatchulira. Tili ndi mkangala, uta woyimbira umene amayi amaugwiritsa pakamwa n'kumasintha kukula kwa m'kamwamo kuti asankhe mawu amene akufuna, ndipo nzeru yake ndi yapachibale ndi imene woliza hamonika amagwiritsa ntchito pokhotetsa mawu. Kotero ngati tikufunadi hamonika yoyankhula ngati Mmalawi, yokhotetsa mawuyo ili pafupi ndi pakamwa pathu kuposa yoongoka ija imene tinaiphunzira pa nyimbo za amishonale. Zimene mnyamata wa ku Kawale anayimba zinali pamwamba pa kugunda kwa ku South Africa, inde, koma kulira kwake ine ndinakumva ngati kwa kwathu konkuno.

Mfundo yachitatu ndi imene ndikuivomereza theka. Otsutsa akuti oliza amakono amathamanga popanda nyimbo, amaonetsa luso m'malo mokhudza mtima, ndipo zokuzira mawu zimabisa mpweya wosalongosoka. Zimenezi zimachitikadi. Ndinamvapo mnyamata wina pa malo achisangalalo ku Bwandilo akuthira mawu ngati matalala kwa mphindi zisanu, ndipo atamaliza panalibe ngakhale mzere umodzi umene munthu akanaung'ung'udza pobwerera kunyumba. Koma vuto limenelo ndi la munthu amene sanakhwime, ndipo limapezeka pa chida chilichonse ndi pa njira iliyonse. Kodi sitinamvepo woliza mwachikale akukoka nyimbo ya mapemphero mpaka kwaya yonse kutha mpweya, kapena akusakaniza mabowo mwachisawawa n'kumati ndi kugwirizana kwa mawu? Palibe amene amati tiletse kalizidwe kachikale chifukwa cha iye. Ndiponso kukhotetsa mawu si njira yachidule ya aulesi monga ena akuganizira: pa bowo lachitatu lokha pali mawu atatu obisika pansi pa liwu lokoka mpweya, ndipo kuti munthu aime pa amene akufuna osapitirira kapena kuperewera, pamafunika miyezi yambiri ya kuyeserera ndi khutu lakuthwa. Maikolofoni sibisa kuperewera kumeneko, imakukuza kuti aliyense akumve. Amene akukayika amupemphe mnyamatayo kuti alize magetsi atazima, popanda chothandizira chilichonse, ndipo akapezeka kuti alibe kanthu ndidzakhala woyamba kuvomereza kuti iyeyo payekha ndi wosakhwima.

Palinso nkhani ya m'thumba imene okonda zachikale amaidumpha, mwina chifukwa ambiri a iwo sanafunepo kudya za hamonika. Woyimba wa mu Lilongwe amapeza kangachepe pa maukwati, pa zinkhoswe, m'malo achisangalalo ndi m'matchalitchi momwe muli kiyibodi, ng'oma zachizungu ndi masipika aakulu ngati mafiriji. Pa malo oterowo kachida kokwana m'chikhatho sikamveka ngakhale pa mzere woyamba ngati sikalowa mu zokuzira mawu. Chinanso n'chakuti hamonika yaifupi imapangidwa mu kiyi imodzi, pamene wa kiyibodi amasintha kiyi malinga ndi liwu la woyimba, nthawi zina pakati pa nyimbo penipeni. Ndiye woliza ali ndi njira zitatu: kunyamula mahamonika 12 a makiyi onse, kugula ija ya batani pambali imene Stevie Wonder ndi Toots Thielemans anatchuka nayo koma ndi yokwera mtengo, kapena kuphunzira njira zamakono zimene zimalola chida chimodzi kugwira ntchito ya zingapo. Kwa mnyamata wa ku Mtandire amene ngakhale chimodzicho wachita kuitanitsa kwa mbale wake wa kunja, njira yachitatuyi si kudzionetsera, ndi imene ingamulowetse mu bandi. Kumuuza kuti azingoliza pakhonde madzulo kuli ngati kumuuza kuti chida chake chikhale chokongoletsera m'kabati.

Ena mwa amene analowerera mkanganowu anayesa kuuzimitsa ponena kuti zokonda zimasiyana, aliyense amve zake. Mawuwa ndi amtendere, ndipo pa nkhani ya kukoma kokha ndi oona: palibe amene angakakamize agogo anga kukonda amapiano, monganso palibe amene angakakamize mdzukulu wawo kukonda nyimbo yoyenda ngati kamba. Koma mkangano uwu sunali wa kukonda chabe. Mbali imodzi inkati ife timakonda izi, pamene inayo inkati zimenezo siziyenera kuchitika, ndipo ena anafika ponena kuti achinyamata otere asamapatsidwe mpata m'mapemphero. Pamenepo si nkhaninso ya makutu, ndi nkhani ya amene ali ndi mphamvu yotsekera anzake chitseko, ndipo m'mipingo ndi m'makomiti mwathu tikudziwa bwino kuti makiyi amasunga ndani.

Mfundo yomaliza ya otsutsa, imene ndikuganiza kuti ndiyo ili pansi pa zina zonse, ndi mantha akuti kalizidwe kachikale kafa. Mantha amenewa ali ndi maziko, koma wakupha si mnyamata wa ku Kawale. Kalizidwe kameneka kakhala kakuzilala kwa zaka zambiri iye asanabadwe, chifukwa kiyibodi inalanda malo m'matchalitchi, foni inalanda malo pakhonde, ndipo ife amene tikulira lero sitinatumepo mwana ndi mmodzi yemwe kuti akakhale pansi pa mapazi a oliza achikulire. Bambo wa ku Area 25 uja walizira agalu ndi nyenyezi kwa zaka zonsezi popanda womufunsa kuti lilime amaliika pati. Chimene kanema uja wachita m'sabata imodzi, chimene madandaulo athu alephera kuchita m'zaka zambiri, ndi kupangitsa ana kufunsa kuti kachida kameneka n'kachiyani ndipo kamapezeka kuti. Taonanso ndi Madalitso Band, anyamata awiri amene anayambira m'misewu ya mzinda uno ndi babatoni, chida chachikulu cha nsambo imodzi chopanga okha, kuti zomveka zachikale zikhoza kukafika pa nsanja za kunja ngati pali wina woziyimba ndi moyo pamaso pa anthu. Achinyamata nawonso asadzinamize ndi mwambi wakuti tsobola wakale sawawa, chifukwa njira yotseka mabowo ndi lilime imene agogo aja amagwiritsa ntchito ndi yomweyo imene akatswiri ambiri a blues amadalira kuti liwu lawo linenepe, ndipo amene sanaiphunzire amamveka wowonda ngakhale atakhala ndi sipika yaikulu bwanji.

Mphwanga wa zaka 13 ndi mmodzi mwa ana amene kanemayo anawagwira mtima, ndipo anandivutitsa mpaka Loweruka lapitali tinazungulira masitolo a ku Old Town kufunafuna hamonika. Ya mabowo khumi sitinaipeze. Tinapeza yaitali ya mizere iwiri pakati pa zidole, ndipo mnyamatayo anakhumudwa chifukwa si imene anaiona m'kanema, koma tinagula yomweyo. Madzulo ake ndinapita naye kwa bambo wolondera golosale uja. Anailandira ndi manja awiri, anaiyang'ana pa kuwala kwa babu, anaiguguda pachikhatho, kenako anauzira bowo lililonse palokha kuyambira kumanzere mpaka kumanja, akupendeketsa mutu. Mphwanga anawaonetsa kanema uja pa foni, ndipo ine ndinkadikira kuti adandaule ngati anzawo a pa WhatsApp. Anaonera mpaka kumapeto, n'kupempha kuti aubwereze. Atatha anati, “Ameneyu mpweya ali nawo, koma akuthawa mabowo akumunsi. Iwe uzibwera ikamakwana 8 koloko, tiyambire kumeneko.”